Jekete la Galimoto ya Mwana Wanga

Amene anayamba kundiuza anali a Labani, kapitawo wa anthu okonza msewu wathu wochokera ku Tsangano. Ndinali kudimba ndikukumba kachewere, dzuwa lili paliwombo, pamene ndinawaona akudumpha pa njinga isanaime n'komwe. Munthu amene masiku onse ankavula chipewa akadali patali, tsiku limenelo ngakhale moni sanapereke. Anangoti, "A Nandau, siyani khasu. Galimoto ya mwana wanu yagwera mumtsinje, pa mlatho wa m'munsi mwa chitunda."

Ndinafunsa ngati Fanuelo ali moyo. Anati ali moyo, wangothyoka mkono. Ndinafunsa za anthu amene anawanyamula. Apo a Labani anayang'ana njinga yawo n'kunena kuti mwana wakhanda wapulumuka, koma mayi wake wa mwanayo, Esinati, watisiya pomwepo.

Amayi anzanga, ndi inu abambo amene mwakhala kumbuyoko, munthu wina aliyense akanafunsa kuti zatheka bwanji. Ine sindinafunse. Ndinkadziwa kale, ndipo ndi chimenecho ndaimirira pano kuti ndinene. Ndachita kulemba papepala ndi kasukulu kanga kochepaka chifukwa ndimadzidziwa: ndikamalankhula zapamtima ndimalumpha pamene pali manyazi anga. Ndithokoza Mulungu pondisunga kufikira lero, ndithokozanso inu pondipatsa malo. Pakati panu alipo amene ana awo kapena amuna awo abwera ndi magalimoto kuchokera kunja. Amenewo ndiwo andimvetsetse.

Bambo ake a Fanuelo anamwalira ku Joni ndi chifuwa cha kumigodi, mwanayo asanamere ndevu. Atakula nayenso anapita ku Halale, kumene anagwira ntchito pagalaja zaka zingapo. Pobwera sanabwere ndi njinga ndi galamafoni ngati anzake. Anabwera ndi galimoto yakuda imene inagwira ntchito ya takisi mumzindamo mpaka eni ake kutopa nayo. Kawotchi kake kowerenga mitunda kanazungulira, kanazungulira, kenako kanangoima. Anthu anaipatsa dzina loti Nkhalamba, iye n'kumaseka kuti nkhalamba yomweyo ndi imene iwafikitse ku boma nsapato zili zoyera. Anzake awiri, a Wilisoni ndi wina wa ku Biriwiri, anagula zawo komweko, zamtundu umodzimodzi, zonse zotopa mofanana.

Ndisaname, ndinanyada. Odwala ankafika kuchipatala tsiku lomwelo, matumba a kachewere ankafika kumsika asanafote. Pamsonkhano wa amayi wa Lachinayi, umene ine ndinali mtsogoleri wake, ndinkaitchula galimotoyo popereka mayamiko.

Galimoto yonyamula anthu inkayenera kukayesedwa ku boma nyengo yake ikakwana, kuti ipatsidwe pepala limene madalaivala amati fitinesi. Kunkabwera mzungu woyesa magalimoto, wamasokosi aatali oyera. Ndinamuonapo kawiri. Ankazungulira galimoto, n'kulowetsa chala m'mizere ya matayala, n'kuliza hutala, n'kuyatsa nyali. Akatero ankaiyendetsa pabwalo losalala la kutsogolo kwa maofesi, n'kuponda mabuleki, fumbi koboo, galimoto n'kuima. Basi, asaina. Sanali munthu woipa kapena waulesi. Ankayesa bwinobwino galimoto imene yaima pamaso pake. Vuto linali lakuti galimoto imene inkaima pamaso pakeyo si imene inkanyamula anthu.

Anyamata atatuwa anali ndi matayala anayi atsopano, ndi pampu imodzi yabwino ya mabuleki pamodzi ndi timapaipi take, zimene anabwera nazo kuchokera ku Halale. Zina zotere kunalibe kozipeza pafupi. Ndiye anapangana kuti azingozimanga pa galimoto imene ikukayesedwa, ikabwerako n'kumasula, n'kubwezerapo zakale. Ankazitcha jekete. Paja kwathu kuno mnyamata akamakwatira amabwereka jekete kwa mtchona amene wabwera kumene, ukwati ukatha n'kukabweza. Ankati jekete la ukwati salimira nalo, msewu wathuwu ungalidye mwezi umodzi.

Nanga jekete lija lizisungidwa kuti? Anati kwa amayi. Palibe amene angakafufuze m'nyumba ya mayi wopemphera. Matayala anawaika m'chipinda chosungiramo mbewu ya kachewere, n'kuwafunditsa ziguduli. Bokosi la pampu linalowa pansi pa kama wanga. Ndinkagwada pambali pa kama yemweyo popemphera, maondo anga akuligunda.

Pali china chimene sindinauzepo munthu kwa nthawi yaitali. Pampu yakale ya Nkhalamba inkadontha, ndipo mafuta ake enieni atatha Fanuelo ankathiramo madzi a sopo. Sopoyo ndinkapala ndine, ndi mpeni wosendera kachewere. M'mawa uliwonse iye ankalowa pansi pa galimoto ndi sipanala kuti atulutse mpweya m'mapaipi, ndipo pankafunika wina wokhala pampando kuti aziponda chopondera cha mabuleki. Mkazi wake, Nambewe, ankaiopa galimoto, choncho ntchitoyo inali yanga. Fanuelo ali pansipo ankati pondani amayi, siyani, pondaninso, gwirani pomwepo, mpaka chopondera chija chilimbe. Ine, munthu wosadziwa ngakhale kupalasa njinga, phazi langa lamanja linafika pozindikira mabuleki a galimoto ija kuposa mzungu wa ku boma. Chikalimba ndinkatsika, n'kuika dzanja pachitsulo cha kutsogolo, n'kupempherera ulendo.

Esinati anali mwana wa a Nangozo, mnzanga wa pamtima kuyambira tili atsikana, amene tinkakhala benchi limodzi m'tchalitchi. Khanda lake, Rute, linatentha thupi masiku atatu. A Nangozo sankazikhulupirira galimotozi. Ankafuna kuti mpongozi wawo amutenge Esinati panjinga, ngakhale ulendowo utenge tsiku lonse. Ine ndi amene ndinawaletsa. Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga Baibulo langa, ndinatulutsamo pepala la fitinesi limene Fanuelo anandisungitsa, n'kuwaonetsa chidindo. Ndinati boma laiyesa masabata atatu okha apitawa, mukuopa chiyani? Iwo sadziwa kuwerenga. Analigwira pepalalo ndi manja awiri, n'kundibwezera, n'kunena kuti ngati mwatero ndinu, apite.

M'mawa mwake ndinakhala pampando paja ngati masiku onse. Ndinaponda, chopondera chinamira mpaka pansi. Ndinapondanso, chimodzimodzi, ngati ndaponda dzungu lowola. Chinadzalimba kachisanu, komanso osati kwenikweni. Ndinamuuza Fanuelo kuti lero sichili bwino.

Anatulutsa mutu pansi paja akuseka. "Amayi, mwasanduka makaniko tsopano? Pachitunda paja ine ndimatsika ndi giya, mabuleki ndimangowapatsa moni."

Nanenso ndinaseka. Esinati anali akubwera poteropo, mwana ali kumsana, nsapato zili m'manja. Ndinaika dzanja pachitsulo chija, ndinapemphera, ndinanyamula khasu kupita kudimba.

Zimene zinachitika pachitundapo ndinazimva kwa a Labani, amene anali ndi anthu awo cha pomwepo akukwirira maenje. Anati anayamba kumva hutala ikulira osalekeza kuchokera pamwamba, kenako anaona galimoto ikutsika ngati mwala. Giya inali itaphonyoka. Pafupi ndi mlatho panali mitolo ya udzu wofolera imene amayi anaunjika m'mbali mwa msewu. Esinati anatulutsa mwana pazenera n'kumuponya pa udzupo. Mwanayo anamutola alibe ngakhale bala. Ena anayi amene anali m'galimotomo anavulala koma anachira.

Pamaliro, madoda a kubanja kwa a Nangozo ataimba nyimbo zawo zakale zija zimene ife ambiri mawu ake sitiwamvanso, inafika nthawi ya amayi a mpingo. Anati atsogoleri apemphere. Ndinaimirira pafupi ndi bokosi la maliro, ndinapemphera pemphero lalitali, anthu analira, ndipo ena pambuyo pake anandiuza kuti linawatonthoza. A Nangozo anatsamira paphewa langa kuchokera kunyumba mpaka kumanda.

Patapita masiku anayi kunabwera apolisi awiri, sajeni wachikuda ndi mzungu. Nditamva nsapato zawo pakhonde ndinatuluka kukawalandira. Anafuna pepala la fitinesi. Ndinalitulutsa m'Baibulo muja. Sajeni anandifunsa mwaulemu ngati ndinamvapo mwana wanga akudandaula za mabuleki. Baibulo lili m'manja, bokosi lija lili kuseri kwa khoma lomwe iye anatsamira, ndinati ayi bambo, sindinamvepo, ine za magalimoto ndingazidziwe bwanji. Anagwedeza mutu mondimvera chisoni. Pampu yakale inali itaphwanyika pogwa paja, panalibe choti aone. Iwo analemba kuti inali ngozi, pakuti galimotoyo inali itayesedwa kumene. Fanuelo anatuluka m'chipatala n'kubwera kunyumba, wopanda mlandu.

Anthu anabwera kudzatithokozera Mulungu. Ife m'nyumbamo sitinkayang'anana. Chigoba cha Nkhalamba anachikoka ndi ng'ombe n'kuchisiya kuseri kwa khola, nkhuku n'kuyamba kuikiramo mazira. Fanuelo, amene sankalawa ngakhale masese, anayamba kuwoloka malire kukamwa kachasu kwa Apwitikizi. Akabwerako ankakhala pansi kutsamira chigoba chija tsiku lonse. Kutchalitchi analeka. Nambewe ankandifunsa kuti amayi, mwana wanuyu chamulowa n'chiyani, ine n'kumati ndi chisoni, chidzatha.

Ine kutchalitchi sindinaleke, koma kupemphera kunandithawa. Pakamwa pankatuluka mawu, mumtima muli gwa. Tikatseka maso, phazi langa lamanjali linkayamba lokha kuponda pansi, kuponda, kusiya, kuponda, mpaka ndinkachita kuligwira ndi dzanja kuti a Nangozo pambali panga asaone. Ndikamva injini patali, kaya ndili pachitsime kaya kumunda, ndinkaima chilili kumvetsera ngati hutala ilire. Magalimoto awiri aja anali akuyendabe, odzaza anthu. Jekete linali likadali kwa ine. Ndinkaopa apolisi, ndinkaopa anthu, koma koposa ndinkaopa kufa ndisananene. Ndinaonda mpaka zovala kumandivuka.

Titakolola, kunabwera uthenga wa msonkhano waukulu wa amayi ku Kandeu. Amayi a kwathu anagwirizana zoti apite pa galimoto ya a Wilisoni. Njira ya ku Kandeu ena a inu mukuidziwa mmene imatsikira. A Nangozo, amene chiyambire maliro sanapite kulikonse, anati apita nawo ndi Rute, mwina mtima ungatsikeko. Anati galimoto saiopanso, pakuti chimene inkafuna kwa iwo inatenga kale. Mayina ankalemba ndine. Ndinalemba asanu ndi awiri. Langa sindinalembe. Ndinawauza kuti miyendo ikundivuta.

Mwamva bwino zimenezo? Ndinkadziwa, ndipo chimene ndinachita ndi kudzichotsa ndekha. Pa zonse zimene ndanena pano, pamenepa ndi pamene ndinafika pansi penipeni.

Galimoto ya a Wilisoni inali yoti ikayesedwe Lachiwiri, ulendo wa amayi uli Lachisanu. Loweruka masana anafika pakhomo ndi galimoto yawo, akuimba mluzu. Anali munthu wanthabwala, wokondedwa ndi aliyense. Anagwada pang'ono pakhonde, amvekere amayi athu, ndadzatenga jekete, mkwati akukaonekera kwa apongozi ake achizungu. Ndinawafunsa ngati pa ulendo wa ku Kandeu jeketelo likhale likadali pagalimoto. Anaseka, anati miyala ya njira imeneyo ingang'ambe matayala atsopanowo, ndiye enafe tidzakwatira ndi chiyani.

Sindidziwa chimene chinandiimiritsa. Ndinawapempha kuti ndikhaleko pampando wa dalaivala. Iwo anaona ngati masewera, ananditsekulira chitseko n'kuvula chipewa, eti adona akwere. Ndinakhala. Ndinaika phazi pa chopondera chija. Ndinaponda pang'onopang'ono.

Chinamira. Chinapita mpaka pansi osakumana ndi kanthu, dzungu lowola lomwe lija. Ndinasiya phazi pomwepo, ndikuyang'ana pagalasi pamene panamatidwa kapepala ka boma, ndipo ndinawaona onse asanu ndi awiri mmene ndinawalembera, wina pambuyo pa mnzake, a Nangozo ali pazenera, Rute ali pamiyendo. Ndinadzifunsa kuti kodi nthawi ino m'mbali mwa msewu mudzakhalanso udzu. Ndipo kwa nthawi yoyamba chichitikire ngozi ija ndinapemphera zenizeni. Silinali pemphero lalitali ngati la pamaliro lija. Ndinangoti Ambuye, ndikuopa.

Nditatsika ndinawauza a Wilisoni kuti jekete silituluka. Poyamba anapitiriza nthabwala. Ataona nkhope yanga anasiya. Anati chopondera chimalimba ukachipopa, anati ayenda njira imeneyo kambirimbiri. Ndinati sindikupatsani, ndipo Lachiwiri ndikalipereka ndekha kwa woyesa uja. Kenako analankhula motsitsa mawu.

"Amayi, mukatero si ine mwandimanga. Ine andilanda galimoto basi. Koma Fanuelo ali ndi mtembo pamutu pake. Mukamutsekera ndi manja anu omwewo."

Zinali zoona. Anayatsa galimoto yawo n'kupita.

Ndinazungulira kuseri kwa khola. Fanuelo anali pamalo ake aja, mkono wothyokawo ataukumbatira, maso ali ofiira koma tsikulo anali asanamwe. Anali atamva zonse. Ndinakhala pansi pafupi naye, pa zitosi za nkhuku pomwepo. Ndinamuuza kuti mwana wanga, ndinakubereka ndine, ndipo sindipita ku boma iwe usanandilole, koma jeketelo sindiperekanso kwa munthu. Nkhuku inatuluka m'chigoba muja ikutetera. Kenako anandiuza chinthu chimene anali asanauzepo aliyense. Anati pamene galimoto inkathamanga paja, ena onse akukuwa, Esinati sanakuwe. Anamugwira paphewa kuchokera kumbuyo n'kumufunsa bwinobwino.

"Anati, achimwene, tiima? Ine ndinati tiima. Amayi, ndinamuuza kuti tiima." Anapukuta kumaso ndi dzanja labwinolo. "Kachasu yense wa kutsidyaku ndamwa, mawu amenewo sakuchoka. Ndimadikira tsiku loti mudzandifunse. Tipite. Koma tiyambire kwa a Nangozo, asakamvere kukhoti."

Tinawapeza pabwalo akupeta nyemba, Rute akukwawa pamphasa. Atationa anasangalala, anati lero Fanuelo watulukako, n'kuyamba kutifunira mipando. Ife tinagwada pa dothi. Fanuelo ananena za jekete, za pampu, za giya. Ine ndinanena za sopo, za phazi langa, za apolisi, ndi za dzina langa limene sindinalembe. Lichero linali likadali m'manja mwawo, nyemba zikugwa imodziimodzi iwo osaona. Titatha anandifunsa funso limodzi lokha.

"Tsiku lija munanditulutsira pepala m'Baibulo, munkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

Sanatukwane, sanalire. Anatula lichero, ananyamula mwana, analowa m'nyumba, anatseka chitseko. Tinagwadabe pamenepo kufikira maondo atachita dzanzi.

Lolemba m'mamawa tinamanga ng'ombe pangolo, tinakweza matayala anayi ndi bokosi lija. Nambewe anaima pakhomo ndi ana ake awiri, sanandilankhule. Podutsa pamlatho paja Fanuelo anatsika n'kuyenda pansi, chipewa chili m'manja. Tinagona kwa abale ku Biriwiri, Lachiwiri tinafika ku boma mzungu uja ali pakati pa ntchito.

Tinalankhula kudzera mwa womasulira. Mzunguyo anamvetsera osadula mawu, nkhope ikufiira. Kenako anapita pangolo, anagubuduza tayala limodzi, analowetsa chala m'mizere yake monga ankachitira nthawi zonse, n'kufunsa kuti matayala amenewa wawaona kangati. Fanuelo anati nthawi zonse, bwana, pa magalimoto atatu. Munthu uja anakhala pa chitsa, n'kugwira mutu. Ndinamumvera chisoni, chifukwa nayenso dzina lake linali papepala lija. Ndinamva kuti kuchokera pamenepo anayamba kulemba manambala a matayala, ndiponso kukayesera mabuleki pamtsetse osati pabwalo paja.

Kukhoti Fanuelo anavomera zonse. Anamupatsa zaka ziwiri. Ine woweruza anandidzudzula pamaso pa anthu chifukwa chonamiza apolisi, koma anandisiya ndipite kwathu. Magalimoto awiri aja anawaletsa kunyamula anthu. Amayi anapita ku Kandeu wapansi, masiku awiri, ndipo ena anabwerako ndi matuza akundinena. A Wilisoni mpaka lero tikakumana amayang'ana kumbali. M'mudzi munamveka kuti a Nandau agulitsa mwana wawo. Akulu a mpingo anandiimitsa pa mgonero. Ndinapinda bulauzi yanga yoyera n'kuiika m'bokosi, ndinasamukira pa benchi la kumbuyo.

Koma ndikuuzeni, kumbuyoko ndi kumene ndinayambanso kupemphera, ndipo phazi lija linakhala bata.

Kubwerera kwanga pakati pa anthu sikunali kwa tsiku limodzi. Choyamba ndinapita kwa anayi amene anavulala aja, khomo ndi khomo, kukanena ndekha. Wina anandilandira, wina anandithamangitsa, onse anali ndi ufulu wotero. Chigoba cha galimoto tinachichotsa pakhomo. Ndinagwira khasu pamodzi ndi Nambewe m'munda wa mwamuna wake, mizere yoyandikana, mwezi wathunthu osayankhulana, kufikira tsiku lina anandipatsira madzi akumwa ndisanapemphe. Mtsikana ameneyu akanatha kubwerera kwawo, koma anakhala, ndipo ndimamuthokozera Mulungu tsiku ndi tsiku. Kwa a Nangozo ndinkasiya mtolo wa nkhuni m'mphepete mwa bwalo Loweruka lililonse. Mitolo inkangounjikana pomwepo mpaka chiswe kuidya. Sindinaleke.

Tsono inu amene muli ndi galimoto pakhomo, kapena mumakwera, ndilibe nzeru za sukulu, ndingokuuzani zimene phazi langa linaphunzira. Pepala la boma si labodza, koma limanena za m'mawa umodzi wokha, pabwalo, pamaso pa woyesa. Galimoto yokalamba imasintha pakati pa Lolemba ndi Lachitatu. Musanakwere, muuzeni dalaivala aponde mabuleki inu mukuona phazi lake. Likamira, kapena akayamba kupopa kawiri katatu, tsikani, ngakhale akusekeni. Suzumirani pansi pamene yaima ngati padontha kanthu. Yang'anani matayala ngati sali osalala ngati chipande. Ndipo inu amayi ndi akazi a madalaivala, mwana akakubweretserani kanthu kuti mumusungire chifukwa kwa inu sangafufuzeko, mufunseni chifukwa chake. Ngati mukusunga kale, musadikire a Labani anu kuti akupezeni kudimba. Mwana wanga ndinkati ndikumuteteza, koma ndinamutaya miyezi ija ali pakhomo, ndipo ndinamupezanso tsiku limene tinakwera ngolo. Makalata amene amandilembera kuchokera kundende ndi a Fanuelo amene ndinamulera. Akuti waphunzira ukalipentala, ndipo akuti akadzatuluka azidzakhoma ngolo.

Mwezi wathawu, Lachinayi, tinali pa msonkhano wathu wa amayi, ine ndili kumbuyo kwanga kuja. Patha chaka ndi miyezi a Nangozo osandiyang'ana. Pakati pa nyimbo ndinaona akuimirira kutsogolo, akubwera ndi Rute, amene tsopano akuyenda ndipo walemera. Ndinaganiza kuti akutuluka. Anaima pa benchi langa, anamasula mbereko, n'kunena osandiyang'ana kumaso.

"Tandiberekerani mwanayu, msana wanga watha."

Anakhala pansi pambali panga. Sananene kuti andikhululukira, ndipo ine sindinafunse. Mwana anagona kumsana kwanga mpaka pemphero lotsekera. Potuluka anandiuza kuti Rute akadzakula adzafunsa za mayi wake, ndipo wodzamuuza ndidzakhale ine. Ndinavomera. Tsiku limenelo ndikuliopa kuposa khoti, koma ndikupempha Mulungu andisunge ndi moyo kuti ndidzalifike.

Choncho mukamagwada kwanuko, mutikumbukireko. Mukumbukire Fanuelo, amene atuluke chimanga chikadzauma, mkono uli wokhota, kuti anthu adzamulole kukhalanso pakati pawo. Mukumbukire Nambewe ndi ana ake awiri. Mukumbukire a Nangozo. Ndipo mukumbukire Rute, kuti pamene adzandifunse, ndidzamuuze zonse osalumpha.